Kodi Adanena Ndani Kuti Amphawi Adye Keke?

Chaka chatha ndidalemba nkhani ya m'kalasi yonena za kuukira kwa anthu a ku France m'chaka cha 1789. Pofuna kuithira mchere, ndidaikamo mawu amene ambirife tidawamva tili kusekondale. Akuti mfumukazi Marie Antoinette itauzidwa kuti anthu wamba alibe buledi, idayankha kuti basi azidya keke. Pepala langa litabwerako, ndidapeza aphunzitsi atazunguliza mawuwo ndi inki yofiira, pambali pake atalembapo kafunso: "Mudamva kwa yani?" Ndidachita manyazi, pakuti yankho loona lidali lakuti ndidamva kwa aliyense. Ndidapita kulaibulale kukafuna umboni woti ndiwatsutse nawo. Umboniwo sindidaupeze, koma zimene ndidapeza m'malo mwake ndizo ndikufuna ndikuuzeni anzanga.

Phazi la mawuwa likatifikitsa kwa Jean-Jacques Rousseau, m'buku la mbiri ya moyo wake lotchedwa Confessions. M'gawo 6 la bukulo akusimba za nthawi imene adali kuphunzitsa ana pabanja lina ku Lyon, cha m'ma 1740. Ankaba vinyo wa panyumbapo, koma sankatha kumwa popanda chotafuna, ndipo ankachita manyazi kulowa mogulitsira buledi atavala ngati bwana. Apa ndipo akuti adakumbukira nkhani ya mwana wamkazi wina wa mfumu amene, atamva kuti alimi alibe buledi, adati adye brioche. Brioche si keke kwenikweni, koma buledi wa anthu olemera, wokandidwa ndi mazira ndi batala. Rousseau adakagula brioche yemweyo namwera vinyo wake. Dzina la mwana wa mfumuyo sadalitchule.

Tsono tiyeni tiwerenge zaka. Marie Antoinette adabadwira ku Vienna mu 1755, patapita zaka pafupifupi 15 vinyo uja atabedwa. Rousseau adalemba gawo limeneli m'zaka za m'ma 1760, iye akadali kamtsikana kwawo ku Austria. Adafika ku France mu 1770 ali ndi zaka 14, kudzakwatiwa ndi amene adadzakhala mfumu Louis XVI mu 1774. Nanga munthu anganene bwanji mawu amene wina adali kuwakumbukira iye asanabadwe?

Nkhani yamtunduwu ndi yakale kuposa Rousseau. Mabuku a mbiri ya ku China amasimba za mfumu Hui ya ufumu wa Jin, imene idalowa ufumu m'chaka cha 290. Akuti itauzidwa kuti anthu akufa ndi njala, idafunsa chifukwa chimene sakudyera phala la nyama. Ndidaona kuti iyi ndi nthano yoyendayenda: chakudya chimasintha, dzina limasintha, koma munthu wokhuta wosadziwa njala amakhala yemweyo.

Nanga idamukakamira bwanji Marie Antoinette? Pajatu mutu ukakula sulewa nkhonya. Iye adali mlendo, wochokera ku Austria, dziko limene lidakhala pa udani ndi France kwa nthawi yaitali. Ankakonda zovala ndi masewera a juga pamene boma lidali pa ngongole, mpaka anthu adamupatsa dzina lachipongwe lakuti Madame Déficit, kunena kuti mayi wa ngongole. Mu 1785 kudabuka mlandu wa mkanda wa dayamondi umene akuba adautenga m'dzina lake. Iye sadakhudzidwe, koma anthu adamuda nawo ndithu. Mu Okutobala 1789 amayi a ku Paris adayenda pansi mpaka kunyumba yachifumu ku Versailles chifukwa cha kusowa kwa buledi, ndipo pa 16 Okutobala 1793 mfumukaziyo idadulidwa mutu.

Chodabwitsa n'chakuti m'timapepala tomunyoza ta nthawi imeneyo, tomwe tidamunenera zoipa zamtundu uliwonse, akatswiri a mbiri sadapezemo nkhani ya kekeyi. Adani ake enieni, amene akadaikondwerera, sadaigwiritse ntchito. Idamumamatira pambuyo pake, iye ali m'manda. Mu 1843 wolemba wina wa ku France, Alphonse Karr, adaitchula mphekeserayi, koma adaitchula poitsutsa.

Ndili m'kati mofufuza ndidakumana ndi bodza lina, ili lokometsa munthu osati lomuipitsa. Pa mikangano yathu pano pasukulu timakonda kunena kuti Voltaire adalonjeza kufera ufulu wa munthu wolankhula zimene iye sagwirizana nazo. Voltaire adamwalira mu 1778. Mawuwo adalembedwa mu 1906 ndi mayi wa ku England, Evelyn Beatrice Hall, m'buku lake The Friends of Voltaire, limene adalitulutsa ndi dzina lakuti S. G. Tallentyre. Iye adali kufotokoza m'mawu akeake maganizo a Voltaire pa nkhani ya Helvétius, amene buku lake la mu 1758 lidatenthedwa poyera. Owerenga adachotsa mawuwo m'kamwa mwa mayiyu nawaika m'kamwa mwa Voltaire. Mfumukazi tidaisenzetsa katundu amene sadali wake, ndipo Hall tidamulanda wake.

Musandimve molakwa. Sindikuti njala ya ku France idali yabodza, kapena kuti a kunyumba yachifumu adali osalakwa. Matalala a mu Julayi 1788 adaononga tirigu m'minda, dzinja lotsatira lidazizira koopsa, ndipo mtengo wa buledi udakwera kufikira amphawi kulephera kugula. Apa mpamene pagona vuto. Bodza lofanana ndi zoona ndilo limakhalitsa, chifukwa palibe amene amaona chifukwa cholifufuzira. Ine ndidakhulupirira za keke uja chifukwa ndinkafuna kuti zikhale choncho.

Agogo anga akamapha mwambi amangoti "akuluakulu adati," osatchula dzina, ndipo potero sanamizira munthu aliyense. Koma pabwalo la milandu mfumu siilola zimenezo. Imafunsa mboni kuti, "Kodi mudamva ndi makutu anu?" Ndaphunzira kuti tikangoika dzina la munthu pambali pa mawu, tachoka pamoto pophera miyambi, talowa m'bwalo, ndipo woimbidwa mlanduyo ndi wakufa amene sangadziyankhire.

Nkhani yanga ndidailembanso. Keke ndidamuchotsa, m'malo mwake ndidaikamo matalala, ngongole za boma ndi ulendo wa amayi a ku Paris. Sidakome ngati poyamba, koma pepala lidabwerako popanda funso lija.