Njanji yathu inagwa bwanji, nanga ndani afuna kuiutsa?

Ambili a ife amene tinabadwa m'zaka za m'ma 1990 kubwela kuno sitinakwelepo sitima. Njanji timaidziwa monga malo odumphapo pocoka ku Cairo Road kupita ku Kamwala, kapena pamene anthu amayalapo tomato ndi salaula. Tikakhala ndi ulendo wa ku Kitwe kapena ku Livingstone, palibe amene amafunsa za sitima. Tonse timathamangila ku Intercity. Koma masiku ano pa nyuzi tikumva za madola mabiliyoni amene maiko akunja afuna kuika mu njanji za Zambia. China ili ku TAZARA, America ndi maiko a ku Europe ali ku Lobito. Tisanayambe kuomba m'manja, ndi bwino tidziwe mmene njanjiyi inabwelela, cimene cinaigwetsa, ndi cifukwa cake anthu aikumbukila manje.

Inabwela kudzatenga miyala

Njanji inalowa m'dziko lino kucokela kum'mwela. Panthawiyo dela lino linali m'manja mwa kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, ndipo Rhodes anali kulota zomanga njanji kucoka ku Cape Town mpaka ku Cairo. Iye anamwalila mu 1902 asanaone ulalo wa pa Victoria Falls, umene unatsegulidwa mu 1905. Mu 1906 njanji inafika ku Broken Hill, kumene lelo ndi Kabwe, cifukwa kunali mgodi wa mtovu ndi zinki. Mu 1909 inafika kumalile a Congo, kulunjika ku kopa wa ku Katanga. Migodi ikuluikulu ya ku Copperbelt itayamba nchito ca m'ma 1930, anamanga nthambi zopita ku Luanshya, Nkana ndi Mufulira.

Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 alionse, omanga njanji anali kusiya kasitesheni kakuti sitima zizipatukilana. Kamodzi anakaika mu 1905 pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka. Patapita zaka 30, mu 1935, malo amenewo anakhala likulu la dziko m'malo mwa Livingstone. Yang'anani pa mapu: Kalomo, Choma, Monze, Mazabuka, Kafue, Lusaka, Kabwe, Kapiri Mposhi, Ndola ndi Kitwe zandandalika monga mikanda pa ulusi umodzi. Ulusi umenewo ndi njanji.

Koma onaninso amene anasiyidwa. Njanji sinapite ku Luapula, sinapite kumpoto, sinapite kum'mawa. Nchito yake inali kubweletsa malasha a ku Wankie, kumene lelo ndi Hwange, ndi kutulutsa kopa kupita naye ku doko la Beira. Ngakhale kanjanji ka ku Mulobezi anakamangila kukatenga matabwa a mukusi. Makolo athu amene anacoka ku Chipata, Katete ndi Petauke kudzafuna nchito ku Lusaka, amene anakulitsa Cinyanja mumzinda uno, anabwela wapansi ndi pa malole. Sitima inalibe nawo nchito.

Pamene khomo linatsekedwa

Titalandila ufulu mu 1964, njanji inali ikali ya Rhodesia Railways, kampani imene tinali kugawana ndi Southern Rhodesia, ndipo likulu lake linali ku Bulawayo. Pa 11 November 1965, Ian Smith analengeza ufulu wa azungu ocepa a ku Rhodesia. Zambia, dziko lopanda nyanja yaikulu, inapezeka kuti kopa wake yense atulukila m'bwalo la adani. Mafuta anasowa. Malole anayamba kututa madilamu a petulo kucoka ku Dar es Salaam pa msewu wa fumbi ndi matope umene madalaivala anaucha Hell Run. Mu 1967 Rhodesia Railways inagawidwa, ndipo Zambia Railways inabadwa, likulu lake ku Kabwe. Mu January 1973 Smith anatseka malile. Atasintha maganizo, a Kenneth Kaunda anakana kutsegula, ndipo sitima za katundu wathu sizinadutsenso kum'mwela mpaka 1978. Mu 1975 nkhondo ya ku Angola inatsekanso njanji ya Benguela yopita ku doko la Lobito.

Apa ndiye pamene TAZARA imamvekela bwino. A Kaunda ndi a Julius Nyerere anafuna njanji yopita ku Dar es Salaam yosadutsa m'dziko lililonse lolamulidwa ndi azungu. World Bank ndi maiko a azungu anakana, ati sidzabweza ndalama. China, imene panthawiyo inali dziko losauka, inavomela. Pangano analisaina ku Beijing mu September 1967, ndipo nkhongole yake inali yopanda ciwongoladzanja. Nchito inayamba mu 1970, inatha mu 1975, ndipo njanji inapelekedwa kwa eni ake mu July 1976. Kutalika kwake ndi makilomita 1,860 kucoka ku Dar es Salaam mpaka ku Kapiri Mposhi. Anthu oposa 160 anafa pa nchitoyi, kuphatikizapo Machaina oposa 60. Kwa nthawi yoyamba, anthu a ku Serenje, Mpika, Kasama ndi Nakonde anaona sitima pakhomo pao. Adani nawonso anadziwa kufunika kwake: mu 1979 asilikali a Rhodesia anaphulitsa ulalo wa pa mtsinje wa Chambeshi.

Mmene njanji imafela

Njanji siimafa tsiku limodzi, ndipo mmene imafela ndiye mtima wa nkhani yathu. Msewu ukaonongeka, motoka imazemba dzenje n'kupitilila. Sitima siizemba. Kaya padutse sitima imodzi pa wiki kapena khumi pa tsiku, njanji ifunika anthu oiyendela, miyala yatsopano pansi pake, ndi kusintha masilipa, ija mitanda yogona pansi imene imagwila zitsulo. Ndalama zimenezi zimatuluka cabe, katundu akhalepo kapena asakhalepo. Katundu akacepa, ndalama zimacepa, ndipo coyamba kudulidwa ndi kukonza, cifukwa silipa yoola siidandaula monga wanchito amene sanalandile malipilo. Masilipa akaola, amalamula kuti sitima ziziyenda pang'onopang'ono. Zikayamba kucedwa ndi kugwa, eni katundu amathawila ku matilaki. Katundu amacepanso, ndipo gudumu limazungulilanso.

Gudumu limeneli linayamba kuzungulila mu 1975, pamene mtengo wa kopa unagwa pa msika wa dziko lonse, mafuta atakwela kale mtengo. Boma linasowa ndalama zakunja zogulila masipeya. Kopa amene tinali kukumba, wopitilila matani 700,000 pa caka ca m'ma 1970, anatsika mpaka pafupifupi matani 250,000 pofika 2000. TAZARA, imene inamangidwa kuti izinyamula matani mamiliyoni angapo pa caka, pacimake penipeni inafika pa matani pafupifupi 1.2 miliyoni cabe.

Ndiyeno dziko linasintha. Zimbabwe inalandila ufulu mu 1980, tsankho la ku South Africa linatha mu 1994, ndipo njila za kum'mwela zinatseguka. Kuyambila 1991 boma la a Frederick Chiluba linamasula malonda, matilaki anadzaza misewu, ndipo migodi itagulitsidwa eni ake atsopano anali ndi ufulu wosankha njila. Anasankha tilaki imene imatenga kopa pa geti ya mgodi n'kufika naye ku doko m'masiku ocepa. M'caka ca ndalama ca 2014/15, TAZARA inanyamula matani 88,000 cabe, ndipo anchito ake anali kukhala miyezi osalandila malipilo.

Ngakhale muno mu Lusaka tinataya kanthu. M'zaka za m'ma 1990 munali sitima ya anthu opita ku nchito, Njanji Commuter, imene inali kuyenda pakati pa Chilenje ndi George. Inaima zaka zimenezo zisanathe. Zitsulo zinazulidwa, ndipo m'malo ambili mmene inali kudutsa anthu anamangamo nyumba ndi tuntemba. Tikamaima pa sitesheni ya minibasi m'mawa, kukangana ndi kondakita pa cenji, tizikumbukila kuti mzinda uno unali nayo kale njila ina.

Mankhwala amene sanagwile

Boma linayesa njila zingapo. Mu 2003 linabweleketsa njanji ya Zambia Railways kwa kampani ya Railway Systems of Zambia kwa zaka 20, poganiza kuti amalonda adzaikamo ndalama zimene boma linalibe. Mu September 2012 boma la a Michael Sata linathetsa panganolo, ponena kuti njanji yaonongeka kwambili ndipo sitima zigwa kawilikawili. Pa nkhongole ya Eurobond ya madola 750 miliyoni ya caka comweco, madola 120 miliyoni anapatsidwa ku Zambia Railways. Zina zinakonzedwa, koma katundu sanabwelele monga mmene anthu anayembekezela, ndipo nkhongoleyo inali pakati pa zimene dziko linalephela kubweza kuyambila 2020.

Mu 2018 kunabwela lamulo lakuti 30 pelesenti ya katundu wolema, monga kopa, malasha, simenti, shuga ndi mafuta, aziyenda pa njanji. Ganizo linali labwino, koma lamulo silipanga injini kapena bogi. Kumene njanji ilibe mphamvu yonyamulila, katundu amakhalabe pa msewu.

Kwa ife a kum'mawa, citsanzo cowawa ndi njanji ya Chipata–Mchinji. Ndi yaifupi, siifika ngakhale makilomita 30, koma inayambika m'zaka za m'ma 1980 n'kutsegulidwa mu 2010. Imalumikiza Chipata ku njanji ya Malawi yopita ku doko la Nacala ku Mozambique, koma siikumana ndi njanji ina iliyonse ya Zambia. Katundu wa ku Lusaka kapena ku Copperbelt afunika kuyenda makilomita mazana ambili pa Great East Road kuti akaipeze.

Cifukwa ciani manje?

Yankho ndi lija lakale: kopa. Motoka za magetsi, mabatile, nthambo za magetsi ndi makina a sola zonse zifuna kopa, ndipo zina zifunanso kobati wa ku Congo. Maiko olemela akupikisana kuti miyala imeneyi izituluka njila yao. Kumadzulo, njanji ya Benguela inakonzedwanso ndi Machaina nkhondo ya Angola itatha, ndipo mu 2023 inapatsidwa kwa makampani a ku Europe kuti aiyendetse zaka 30. Caka comweco America, European Union ndi mabanki a citukuko a mu Africa anagwilizana zothandiza kumanga njanji yatsopano ya makilomita pafupifupi 800 yolumikiza Chingola ku njanji ya Angola. Mu December 2024 Joe Biden anafika ku Lobito, ndipo a Hakainde Hichilema analiko. Kum'mawa, mu 2025 Zambia, Tanzania ndi kampani ya ku China ya CCECC anasaina pangano la madola 1.4 biliyoni lokonzanso TAZARA, ndipo kampaniyo idzaiyendetsa zaka 30.

Sitikamba kuti zimenezi n'zoipa. Njanji tiifuna. Tilaki imodzi imanyamula matani pafupifupi 30. Boma lifuna kuti pofika 2031 tizikumba kopa matani 3 miliyoni pa caka, kucoka pa matani oposa 800,000 a mu 2024. Tikawelengela, amenewo ndi maulendo a matilaki 100,000 pa caka, oposa 270 tsiku lililonse, osawelengela malasha, salifa, mafuta ndi kopa wa ku Congo wongodutsa. Aliyense amene anayendapo pa msewu wa Lusaka–Ndola, kapena anaona mizele ya ku Nakonde ndi ku Kasumbalesa, adziwa tanthauzo lake: maenje, ngozi ndi malilo. Misewu imeneyo timaikonza ndi misonkho yathu.

Koma mbili itiphunzitsa kuti kumanga sikunativutepo monga kusamalila. Njanji ya atsamunda inamangidwa m'zaka zocepa, TAZARA m'zaka zisanu, ndipo zonse ziwili zinafooka mwa njila imodzi. Itiphunzitsanso kuti njanji yomangidwila kopa yekha imadwala mtengo wa kopa ukagwa, ndipo mtengowo unagwapo kale.

Ndiye cifukwa cake pali mafunso amene tifunika kufunsa aphungu athu pamene mapangano akali atsopano. Kodi mapanganowa anena ciani pa ndalama zokonzela njanji caka ndi caka, ndipo ndani adzaona kuti zacitikadi? Mu 2003 tinaona kale zimene zimacitika wobweleka akasiyidwa yekha. Kodi sitima za anthu zili mkati, kapena mlimi wa ku Mpika ndi mwana wa sukulu wa ku Kasama adzangoona mabogi a kopa akudutsa? Kodi feteleza, cimanga, soya ndi simenti zidzapeza malo pa mtengo umene wamalonda wamng'ono angakwanitse? Kodi ndi acinyamata angati a kuno amene adzaphunzitsidwa ku Mpika ndi ku Kabwe kukhala oyendetsa sitima, owochelela zitsulo ndi mainjiniya? Nanga Chipata idzalumikizidwa liti ku njanji zinzake?

Nafenso tili ndi mbali yathu. Mabauti ndi zitsulo za njanji zimene zimagulitsidwa kwa ogula zitsulo zakale sizizulidwa ndi alendo, ndipo mapuloti a m'mbali mwa njanji timagula ndife. Pangano la TAZARA likadzatha, ambili a ife tidzakhala ndi zaka za m'ma 50 kapena 60, ndipo njanjiyo idzabwezedwa m'manja mwathu. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Cimene tili naco lomba ndi mapangano osainidwa, ndipo nthawi yowawelenga ndi ino, masilipa atsopano asanayambe kuola.