Kutsomphola ndi kulanda

Mukakwera minibasi padepoti ya ku Old Town madzulo, kondakitala wachifundo amakuchenjezani: "Amayi, foniyo musaimbire pawindo." Amadziwa chimene akunena. Minibasi ikangoti inyamuke, dzanja limalowa pawindo, foni yapita, mnyamata wazimirira m'chikhamu cha anthu ochokera kumsika. Nyuzipepala za Chingerezi zimalemba kuti snatch, mwina grab. Ife timati watsomphola.

Ambirife liwuli tinaliphunzira kwa kabawi. Thadzi likupalasa padzala, anapiye ali pambuyo, chithunzi chingodutsa pansi, mwanapiye mmodzi ali kale m'mwamba. Wotsomphola amadalira liwiro ndi kusazindikira kwa mwini chinthu, ndipo akatenga amathawa. Kukwatula n'kofanana nako, koma kuli ndi mbali yabwino: mayi amakwatula mwana pamsewu njinga yamoto ya kabaza ikubwera, ndipo m'matchalitchi ena amalalikira za mkwatulo. Kumbwandira kumafuna manja onse awiri ndi thupi lomwe, monga amachitira anthu akapeza mbava ija.

Liwu loti grab ndi lopepuka pakamwa pa eni ake. M'maofesi a ku City Centre mumamva munthu akuti akupita kukachita grab lunch, kutanthauza kukadya mothamanga. Chimene chimandiwawa n'chakuti liwu lomwelo ndi limene lili m'mawu oti property grabbing, ngati kuti imeneyinso ndi nkhani ya kamphindi. Apa Chichewa chinaona bwino. Sitinena kuti kutsomphola chuma cha masiye. Timati kulanda.

Wolanda sathamanga. Ndinaziona pamaliro ena ku Area 47. Tenti isanatsitsidwe, maluwa a pamanda asanafote, achibale a malemu anakhala pasofa m'chipinda chochezera, mayi wamasiye ali pamphasa ndi nsalu yake kumutu. Mmodzi anayankhula mofatsa kwambiri: "Alamu, makiyi a galimoto aja tisunge ife, ndi mapepala a nyumba omwe, angasowe." Panalibe wofuula kuti wakuba. Mayiyo anadzuka, nalowa kuchipinda, nabwera nazo yekha, chifukwa anali wotopa ndi misozi ndipo ankaopa kutchedwa mkazi wamwano. Mbava ya padepoti ikagwidwa imamenyedwa mpaka apolisi kuchita kuilanditsa m'manja mwa anthu. Koma olanda awa anapatsidwa madzi osamba m'manja, nadya nsima.

Kulanda sikukhala kuba nthawi zonse, ndipo n'chifukwa chake anthu amabisalamo. Khonsolo ya mzinda imalanda malonda a mavenda ogulitsira m'misewu. Banki imalanda nyumba ya chikole ngongole ikalephereka. M'nthawi ya Kamuzu Banda panali lamulo la 1966 lotchedwa Forfeiture Act, limene linkalola boma kulanda katundu wa munthu, ndipo mabanja ambiri analira nalo. Tikamva kuti wina walanda, tizifunsa kuti mphamvu zoterozo wazitenga kuti.

Pa chuma cha masiye yankho lilipo. Mu 2011 Nyumba ya Malamulo, yomwe ili ku City Centre komweku, inavomereza lamulo la Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, kulowa m'malo mwa lakale la 1967. Lamuloli limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu pamodzi ndi ana, ndipo limati kutenga chuma cha masiye popanda ufulu ndi mlandu wopita nawo kundende. Mchimwene wa malemu alibe mphamvu pa makiyi aja chabe chifukwa chobadwa m'mimba imodzi.

Inu amene muli ndi nyumba, galimoto kapena kagolosale, lembani wilo mudakali moyo. Ndipo mukadzakhala pamaliro n'kumva mawu aja oti "tisunge ife", musadzaweramitse mutu. Dzanenani poyera kuti uku n'kulanda, ndipo mudzaperekeze wamasiyeyo ku ofesi ya DC kapena kupolisi.