Njanji imene Canada anatiyalira

Dziko la Canada silinatilamulirepo, ndiponso silili m'gulu la maiko oopedwa pa nkhondo. Dziko lotere limafuna kudziŵika ndi mphatso zake. Ife tinayamba kumva dzina lake pakamwa pa amishoni: Abulazala a Marist amene anafika ku Mtendere m'chaka cha 1946 anachokera komweko. Boma lake linabwera pambuyo, litasenza chitsulo.

Ndi chithandizo cha bungwe lake la CIDA, njanji yochokera ku Salima inafika ku Lilongwe mu 1979, ndipo mu 1980 inadutsa minda ya kumadzulo kuno mpaka ku Mchinji. Chiyembekezo chinali chachikulu: fodya ndi mtedza wa ku Nsaru, Kabudula ndi Namitete uzikafika kunyanja ku Nacala motchipa, feteleza nayenso azibwera motchipa. Tisaganize kuti wopatsayo anabwerera chimanjamanja. Injini zokoka sitima zinagulidwa ku Montreal, kwawo komwe, ndipo dzina la Canada linakoma m'Afrika.

Koma njanji siyenda yokha. Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira ya ku Nacala mu 1984, katundu wathu nayamba kuzungulira pa malole mpaka ku Durban, mlimi wamng'ono ndiye analipira mtengo wa ulendowo. Chigawo chotsala, cholumikiza Mchinji ndi Chipata, chinadikira mpaka 2010, zaka 30 zathunthu. Pamene chinkatsegulidwa n'kuti chaka chitatha Canada atachotsa kale Malaŵi pa mndandanda wa maiko amene ankawathandiza mwapadera.