Za Ciyambi ca Kulemba m'Cigwa ca Luangwa

Ine ndagwira nchito ya ukalaliki wa Boma zaka zambiri, ndipo pa thebulo langa papita anthu a kwa Kakumbi, kwa Mnkhanya, kwa Nsefu, kwa Jumbe, kwa Malama ndi kwa Msoro. Ena afika nalemba dzina lao msanga. Koma ena, makamaka amai okalamba, angotambasula cala cacikuru kuti ndiciike pa inki, nayang'ana kumbali. Manyazi aowo ndiwo anandiutsa mtima kuti ndifunse akulu-akulu m'mene kulemba kunafikira kuno kwathu.

Sukulu sinayambire ku Mfuwe kuno. Inatsika kucokera kumtunda. Amishoni a Dutch anamanga pa Magwero m'caka ca 1899, pafupi ndi Fort Jameson, mudzi umene lero tiucha Chipata, ndipo pambuyo pace anamanganso pa Kamoto. A U.M.C.A. nawo, Bishopu Hine atatenga dziko lino m'caka ca 1910, anatuma kwa Msoro wansembe wacikuda, Leonard Kamungu, wa ku Chia kufupi ndi Nkhotakota. Iyeyu sanakhalitse, pakuti anamwalira m'caka ca 1913, koma anasiya masukulu m'midzi. Tizikumbukira ici, kuti mmodzi wa oyamba kuonetsa Akunda zilembo sanali Mzungu ai, koma munthu wa kunyanja.

Aphunzitsi amenewa anadza ndi mabuku a Cinyanja, ndipo m'caka ca 1927 Boma linasankha zinenero zinai zophunzitsira ana, ndizo Cinyanja, Cibemba, Citonga ndi Cilozi. Cinenero ca Akunda sicinawerengedwe. Cotero mwana wa m'cigwa anali kusenza akatundu awiri tsiku limodzi: kuumba cilembo ndi dzanja, ndi kuchula mau amene amai ace sanali kunena pa mtondo.

Atate anga analowa Sub A ali mnyamata wotha kale kupirikitsa anyani kumunda. Iwo anandisimbira kuti buku loyamba linali nthaka. Aphunzitsi anali kukhazika ana m'mzere patsinde pa mtengo wa bwemba, mwana ali yense nasalaza malo ace ndi cikhato. Nchito imeneyi inali ya m'mamawa, cifukwa amene adziwa dzuwa la October kuno adziwanso kuti mcenga wa masana suloleza cala. Poyamba sanalembe cilembo ciri conse. Anali kungojambula mizere yoimirira, mizere yogona, ndi mazira, masiku ambiri, kufikira dzanja litafewa. Pamenepo aphunzitsi anati, "Dzira lija ndilo o. Liikeni ndodo kumbali, lasanduka a." Atatha a, e, i, o, u, anayamba kulumikiza, ba be bi bo bu, akuimba onse pamodzi, kotero kuti amai opita kudambo anazidziwa pamtima osaziona ndi maso. Aphunzitsi anali kuyenda kumbuyo kwa mzere, cilembo copotoka anali kucifafaniza ndi phazi, nati, "Bwereza, mwanawe."

Ine ndiyesa njira iyi inali ya nzeru koposa m'mene tiganizira. Cinyanja cilembedwa monga cimveka, ndipo mwana wodziwa ma ndi la angathe kulemba "mala" yekha popanda womuuza. Ndiponso nthaka siisunga mlandu. Mwana akalakwa afafaniza, palibe pepala loonongeka, palibe kholo lodandaula za ndalama. Bvuto lalikuru linali b ndi d, monga liri kufikira lero, pakuti mimba ya cilembo ikayang'ana kolakwika, "bala" lisanduka "dala."

Wopambana pa nthaka ndiye anali kulandira sileti. Atate anati tsiku limenelo anayenda ngati mfumu, sileti liri pamutu. Koma sileti linali ndi tsoka lace. Linali kusweka, ndipo nchito ya tsiku lonse inali kutha ndi malobvu ndi cigongono, kotero kuti mwana analibe coonetsa kwao. Colembera ca inki cinali ca a m'makalasi a Standard, ndipo anali kuwaphunzitsa kulemba kolumikiza, kopendekeka pang'ono, kumene tikuona m'mabuku akale a msonkho. Ndikawatsegula mabuku amenewo ndicita nao nsanje.

Nanga makolo analoleranji mwana kusiya munda ndi kukakhala pa fumbi? Cifukwa cacikuru cinali kalata. Msonkho unacotsa amuna m'midzi kunka ku Halale, ku Joni ndi ku migodi. Kalata ikafika, mkazi wosadziwa kuwerenga anali kuinyamula kwa aphunzitsi kapena kwa mwana wa eni, ndipo zinsinsi za m'nyumba, za ndalama ndi za ukwati womwe, zinali kumveka mudzi wonse dzuwa lisanalowe. Ambuye anga akazi anati anatumiza atate kusukulu kuti mau a amuna ao asamapite m'kamwa mwa mlendo. Ana akazi sanatumizidwe kawiri-kawiri, ndipo ndiwo amai aja a cala ca inki.

M'caka ca 1966 Boma la Zambia linaika Cingerezi kukhala cinenero cophunzitsira kuyambira Grade 1. Ine ndinalowa sukulu ya mishoni pansi pa lamulo limeneli. Nafenso tinayambira pa mcenga, koma tinali kujambula mau osawamva, ndipo ena anafika Grade 3 ali ndi dzanja lokongola osatha kulembera amai ao kalata. Ndinabadwa wamanzere. Mwa mwambo wathu dzanja lamanzere silidyera nsima, silipereka kanthu kwa mkulu. Tsono aphunzitsi anga anaona kuti silingagwirenso pensulo, ndipo rula inagwa pa zala zanga masabata ambiri. Lero ndilemba ndi lamanja, koma ndikatopa zilembo zanga zigwa cagada.

M'caka ca 2014 Boma linabweza zinenero za kuno m'makalasi oyamba, niliyambanso kutsegula makalasi a tiana tosafika Grade 1 pa masukulu ace. Mdzukulu wanga wamkazi analowa kalasi lotere ali ndi zaka zisanu. Tsiku lina ndinapita kukamtenga msanga, cifukwa njobvu zinaoneka kufupi ndi njira. Ndinapeza makope ali m'kabati, ana ali panja m'mzere, aphunzitsi ao akuti, "Jambulani dzira." Iye anali kulemba ndi dzanja lamanzere, ndipo aphunzitsi anapita pambuyo pace osanena kanthu. Atandiona anapfuula, "Ambuye, musaponde apo, ndi dzina langa!" Ndinalambalala.