Amayi amene anaphunzitsa mudzi wathu kuwerenga kalata

Abale anga a kuno kumudzi, ndi inu muli ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Joni, nkhani ya chiliza cha amayi ndaimva. Mwagwirizana kuti pamwala palembedwe mawu atatu: mayi, gogo, mphunzitsi. Ine sindikukana. Koma liwu lachitatulo adzukulu ambiri akulimva ngati ntchito chabe yolandirira malipiro pamwezi, ndiye ndati ndilembeko pang'ono kuti mudziwe chimene tikuimikira mwala.

Tiyambire patali. Amishoni a Dutch Reformed anafika ku Mvera mu 1889, ndipo Nkhoma anaitsegula mu 1896. Iwowa sankalimbikira Chingerezi ngati anzawo a ku Livingstonia, n'chifukwa chake makalaliki ambiri a nthawi ya atsamunda sankachokera kuno kwathu. Chimene ankafuna n'chakuti munthu wamba aziwerenga yekha Mawu a Mulungu m'chinenero chake. Anamwaza timasukulu ta udzu m'midzi, ndipo Buku Lopatulika lonse litatuluka m'Chinyanja mu 1922, chowerenga chinapezeka. Koma kwathu kuno ambiri opita kusukuluko anali anyamata. Mtsikana akangotha msinkhu, basi, chinamwali kenako banja.

Amayi anapulumuka njira imeneyo chifukwa agogo athu aakazi anali a Chigwirizano, gulu la amayi la Nkhoma limene linayamba mu 1940. Njala ya 1949 inawapeza ali kamtsikana koyenda ndi sileti m'manja. Anaphunzira, nakhala mphunzitsi wa tiana ta Sub A, kalasi imene lero mumati Sitandade 1. Choko chikasowa ankasalaza mchenga pabwalo, ana n'kumalemba a, e, i, o, u ndi chala. Ambiri a inu amene muli ndi imvi lero munalembapo pamchenga umenewo, ndipo enanu munalawa kamtengo kawo kaja. Sanali munthu wosekerera zopusa, tisabisane.

Koma sukulu yawo yeniyeni inali pakhonde. Zaka zimenezo mudzi uno unali wa akazi ndi nkhalamba. Amuna anali ku Wenela, ena ku mapulazi a ku Rhodesia, ndipo banja linkangoyendera kalata. Kalata ikafika, mkazi ankaimanga pansalu n'kupita nayo kwa munthu wodziwa kuwerenga. Tangoganizani, mawu a mwamuna wako, a m'nyumba, akuwerengedwa mokweza ndi mnyamata wa kwa oyandikana nawo, mawa lake mudzi wonse wamva. Choipa kwambiri chinali pa ndalama. Mwamuna walemba kuti watumiza zakutizakuti kudzera kwa wakuti, wowerengayo n'kulumpha mzere umenewo chifukwa wakutiyo ndi mbale wake. Mabanja ena anagwedezeka nazo, mkazi akuti andiiwala, mwamuna akuti ndalama zanga akudyera ena.

Poyamba amayi ankawerengera anzawo makalata ndi kuwalembera mayankho, ndipo za m'kalata sizinkatuluka pakamwa pawo. Kenako anayamba kukana. Anati aliyense wofuna kuwerengeredwa abwere Lachinayi, mapemphero a Chigwirizano akatha, adzaphunzire yekha. Ena anakwiya, amati aphunzitsi ayamba kunyada. Koma ankabwera ndithu, mwana kumbuyo, n'kukhala pamphasa. Buku lophunzirira linali Baibulo lomwelo ndi buku la nyimbo, popeza mawu a nyimbo ankawadziwa kale pamtima, ndiye kunali kosavuta kuloza ndi chala kuti chimene ukuimbachi ndi ichi chalembedwa apa. Ine ndimaona kuti nzeru imeneyi inaposa ya mabuku ambiri amene ana athu akusenza lero.

Ndege yonyamula anthu a Wenela itagwa ku Francistown mu 1974, Kamuzu n'kuletsa ulendo wa kumigodi, amuna anabwerera m'mudzi. Ena anapeza akazi awo akuwerenga sikelo ndi risiti pamsika wa ADMARC pamene iwo ankadindabe chala. Sizinawasangalatse onse. Alipo amene analetsa akazi awo kupita pakhonde paja.

Za chikhulupiriro chawo mukuzidziwa: kwaya, kuyendera odwala, kugona kumaliro, ulangizi wa atsikana. Ndingotchula chimodzi chimene ena simunachione. Mlongo wawo weniweni, malume athu, anali wa kudambwe mpaka imfa, ndipo mpingo ndi gule sizinkamwerana madzi. Malumewo atamwalira, anthu anadikira kuti aone. Amayi anapita, anaphika nsima usiku wonse, analira mlongo wawo, ndipo ng'oma zitayamba kuitana zilombo ananyamuka mwakachetechete n'kubwerera kunyumba. A kumpingo ena anati analakwa kupita, a kudambwe anati analakwa kuchoka. Iwo sanayankhe aliyense.

Pulayimale yaulere itayamba mu 1994 anali atapuma kale ntchito. Ana m'sukulu za dziko lino anachoka pafupifupi 2 miliyoni n'kupitirira 3 miliyoni chaka chimodzi, makalasi n'kusefukira mpaka pansi pa mitengo. Amayi anaona mdzukulu wawo wa Sitandade 3 akulephera kuwerenga dzina lake lomwe, ndiye anayalanso mphasa ija. Pa njala ya 2002, ana atasiya sukulu chifukwa cha m'mimba, ankaphika phala la gaga m'mawa, ndipo wofuna kumwa ankayamba wawerenga mzere umodzi. Wolephera ankamwabe, koma pomalizira.

Tsono chimene chandilembetsa n'ichi. M'bokosi lawo lachitsulo muli Baibulo lawo lakale, buku la nyimbo, ndi makope awiri amene ankalembamo mayina a amayi a Lachinayi aja. Ndamva kuti enanu mukufuna kugawana zimenezi tsiku la chiliza, aliyense atengeko chokumbukira. Zitenje ndi mbale gawanani. Makopewo ndikupempha atsale kuno, chifukwa mayina ali m'menemo ndi a agogo a anthu a mudzi uno, ndipo eni ake sanawaonepo. Ndikufuna tidzawawerenge mokweza pamanda, ndipo owerengawo akhale ana a pasukulu yathuyi. Ndayesa kale atatu a Sitandade 4 a pakhomo pano. Mmodzi yekha ndi amene wafika kumapeto kwa tsamba.