Za Zithunzi ndi Akalata a Alfred Stieglitz

Alfred Stieglitz anabadwa ku Hoboken, m'dziko la America, m'caka ca 1864. Nchito yace inali yojambula zithunzi ndi kamera, ndipo analimbika masiku ace onse kuti anthu aciyese cithunzi cotere luso leni-leni, monga momwe ayesera ca utoto. M'caka ca 1905 anatsegula nyumba yoonetsera zaluso mu mzinda wa New York, imene inachuka ndi nambala yace, 291. Momwemo mu 1914 anaonetsa zosema za mtengo zocokera ku Africa, ngakhale dzina limene anacha osemawo linali lonyoza.

Pamene anamwalira mu 1946 anasiya mulu waukulu wa zithunzi ndi mapepala. Mkazi wace, Georgia O'Keeffe, amenenso anali mmisiri wa utoto, anatha zaka zitatu alikusankhula katunduyo. Pa cithunzi ciri conse anapatula cimene cinatsukidwa bwino koposa zinzace, nazipereka zopatulazo ku National Gallery of Art ku Washington, kumene cifikira ciwerengero ca 1,642. Cifukwa cace osonkhanitsa amabvutika kupeza cithunzi cotsukidwa ndi manja ace a Stieglitz, pakuti iye sanali kutsuka zambiri, ndipo zabwinozo zinalowa kale m'nyumba zosagulitsa. Mu 2006 cithunzi cimodzi ca manja a mkaziyo cinagulidwa ndi madola oposa 1,400,000.

Akalata anapita ku sukulu yaikuru ya Yale. Amene awiriwo analemberana ali ngati 5,000, koma anatsekeredwa kufikira 2006, zitapita zaka makumi awiri cimwalirire mkaziyo. Ife tiyesa kuti mayiyu anacita mwanzeru: sanatenthe, sanaululenso msanga.

Komatu gawo limene litikhudza ife aphunzitsi a mishoni ndi ili. Mu 1949 O'Keeffe anapereka zinthu 101 za m'cuma ca mwamuna wace, pamodzi ndi zosema zina za ku Africa, ku Fisk University ku Nashville, sukulu imene amishoni anayamba mu 1866 kuti aphunzitse omasulidwa ku ukapolo. Anawalamula kuti asazigulitse. Patapita zaka ndarama zinasowa pa sukulupo, monga zisowa pa masukulu athu, ndipo akuru ace anafuna kugulitsako. Mlandu unakhalitsa m'mabwalo. Mu 2012 Fisk inalandira madola 30,000,000 kucokera ku nyumba ya Crystal Bridges ya ku Arkansas, nigawana nayo umwini pakati. Tsono zithunzizo zikhala zaka ziwiri kuno, zaka ziwiri uko.