Malipiro ambiri, chotsala chochepa: mbiri ya kusamukira m'mizinda

 Papita nthawi ndisanalembe chifukwa cha kuchonga mayeso, koma sabata yatha ndinalandira foni imene yandichititsa kuti nditenge cholembera.

Anaimba ndi mnyamata amene ndinamuphunzitsa mbiri yakale zaka zingapo zapitazo. Pano amagwira ntchito m'sitolo ina ku Limbe, amakhala ku Bangwe ndi mkazi wake ndi mwana mmodzi. Mayi ake akadali konkuno, amalima thonje ndi mapira kutsidya kwa mtsinje wa Mwanza. Anati: "Aphunzitsi, ndapeza ntchito ku Lilongwe, malipiro ake ndi ochulukirapo. Komanso mnzanga wa ku Joni akundiitana, akuti ndalama zili kumeneko. Nditani?" Ndinamufunsa kuti lendi ku Lilongweko ndi zingati, nanga ku Joniko akagona kuti. Anangoti zii. Anali atawerengera malipiro okha.

Sindinamuseke ayi, pakuti funso lakelo ndi lakale kuposa iye ndi ine, ndipo agogo athu ambiri anakodwa pamalo omwewo.

Tiyambire pa msonkho. M'zaka za m'ma 1890 boma la atsamunda la Harry Johnston linakhazikitsa msonkho wa nyumba, umene unakhazikika pa mashileni 3 pachaka. Munthu wakumudzi anali ndi mapira m'nkhokwe ndi mbuzi m'khola, koma shileni analibe. Kuti aipeze anayenera kukalembedwa ntchito, ndipo m'pamene kuyerekeza kunayambira. Ku Blantyre ndi m'maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje malipiro anali ochepa, ku Salisbury anali ochulukirapo, ku migodi ya ku Johannesburg ndiye kuposa konse. Ife a kuchigwa njira tinali nayo pakhomo. Ena ankadutsa wapansi kudzera ku Tete. Njanji yochokera ku Port Herald, imene lero ndi Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo mlatho wa Dona Ana pa Zambezi utatsegulidwa mu 1935 sitima inkatha kuyenda mpaka ku Beira, kumene kunali njanji ina yolowera ku Salisbury.

Mu 1935 momwemo komiti yotsogozedwa ndi Travers Lacey inapeza kuti anthu a ku Nyasaland pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko, ndiye kuti mwa amuna anayi alionse amphamvu zogwira ntchito, mmodzi kunalibe. Ambiri mwa iwo sanabwererenso, ndipo ndiwo amene timawatcha machona. Funso limene ndimawafunsa ana a Folomu 4 ndi ili: ngati kumeneko ndalama zinali zambiri, n'chifukwa chiyani anthu ankalephera ngakhale ya ulendo wobwerera?

Yankho lili m'njira ziwiri zimene anthu ankapitira. Yoyamba inali ya kontirakiti: Wenela ya ku migodi ya South Africa, ndi Mthandizi ya ku Southern Rhodesia. Wa Wenela ankagona m'komponi, chakudya ankapatsidwa, ulendo ankamukonzera, ndipo gawo lina la malipiro ake ankalisunga kuti adzalandire atafika kumudzi. Musaganize kuti unali moyo wabwino. Mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu a kuno chifukwa ankafa kwambiri ndi chibayo, ndipo kulembako kunayambiranso m'zaka za m'ma 1930. Ambiri anabwerako ndi chifuwa cha fumbi la mumgodi. Komabe pa masamu a ndalama, munthuyu lendi sankalipira, ufa sankagula, ndiye ankafika kuno ndi njinga, mabulangete ndi makina osokera.

Njira yachiwiri inali ya selufu, kupita wekha. Agogo anga aamuna, bambo a mayi anga, anapita choncho ku Salisbury m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinakhalako kuyambira 1953 mpaka 1963. Ankagona ku lokeshoni ya Harare, imene lero ndi Mbare. Ndili mwana ankatiuza kuti mwezi woyamba atalandira malipiro anadziona ngati bwana. Mwezi wachiwiri m'pamene anazindikira kuti kumeneko nkhuni ndi zogula, ndiwo ndi zogula, basi ndi yolipira, ndipo munthu aliyense wochokera kwathu kuno ankafikira m'chipinda chawo n'kumadya nawo mpaka atapeza ntchito. Anabwerako patatha zaka zisanu ndi zinayi ndi njinga imodzi ndi sutikesi. Mng'ono wawo sanabwere konse. Ankachita manyazi kufika chimanjamanja, chaka chilichonse ankati "chaka cha mawa", mpaka anaikidwa konko.

Ana a machona oterewa anadzalipiranso mtengo wina umene makolo awo sakanauwerengera. Lamulo la unzika la Zimbabwe la 2001 linasiya ambiri a iwo opanda unzika, mu 2005 nyumba za ambiri zinagumulidwa pa Murambatsvina, ndipo mu 2008 ndalama ya Zimbabwe itasanduka mapepala, penshoni za zaka makumi zinatha ngati mame.

Wenela nayo inatha modzidzimutsa. Mu Epulo 1974 ndege yonyamula anthu obwerera kumudzi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70. Dr Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu, nthawi imene Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya South Africa. Kulembako kunayambiranso mu 1977 koma anthu ochepa, pansi pa dzina la TEBA, n'kutheratu mu 1988. Dziwani ichi, ana anga: amene akupita ku Joni masiku ano onse ndi a selufu. Kulibe komponi, kulibe wokusungira ndalama, kulibe tikiti yobwerera. Koma m'mitu mwathu tikusungabe chithunzi cha agogo a Wenela akutsika basi ndi wailesi paphewa.

Tsopano tibwerere mkati mwa dziko lathu, pakuti mnyamata wathu uja akuganiziranso za Lilongwe. Kusamuka kwakukulu pakati pa mizinda yathu kunachitika pamene likulu linachoka ku Zomba. Mu 1968 boma linakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation, ndipo South Africa inapereka ngongole ya 8 miliyoni randi yoyambira kumanga. Lilongwe anakhala likulu mu Januwale 1975, ngakhale kuti aphungu anapitiriza kukumana ku Zomba mpaka 1994.

Malume anga anali kalaliki m'boma ndipo anasamuka nawo. Malipiro anali omwewo, giredi yomweyo, koma ankati thumba linasintha. Ku Zomba ankapita ku ntchito wapansi, kuseri kwa nyumba kunali dimba, matemba a ku Chilwa anali otchipa pamsika. Lilongwe anamangidwa motayana: maofesi ku Capital Hill, msika ku tauni yakale, nyumba ku Area 18, Kawale kapena Area 25, pakati pake thengo. Chimanga, mtedza ndi nyemba zinali zotsikirako mtengo chifukwa chigawo chapakati n'cha alimi, koma zimene ankapulumutsa pa ufa zinkathera pa basi. Chachikulu chimene ankadandaula chinali mtunda. Kuchokera ku Blantyre kutsikira pa Thabwa mpaka pa boma la Chikwawa ndi makilomita pafupifupi 50. Kuchokera ku Lilongwe uyenera kuyamba wayenda oposa 300 kuti ungofika ku Blantyre. Maliro akagwa kuno, ulendo umodzi unkadya ndalama ya mwezi, ndipo thumba la mapira limene achibale ankawatumizira ali ku Zomba linasiya kufika.

Lero Lilongwe wakula kuposa Blantyre. Kalembera wa 2008 ndiye anayamba kuonetsa zimenezi, ndipo wa 2018 anapeza anthu 989,318 ku Lilongwe ndi 800,264 ku Blantyre. Anthu akamachuluka chonchi, eni nyumba sanyengerera.

Pali chinthu china chimene agogo anga sanachione koma ife tachiona: kugwa kwa ndalama. Kwacha itayamba mu 1971, makwacha awiri ankasintha paundi imodzi. Mu 1994 boma linaisiya kuti iziyenda yokha pamsika, mu Meyi 2012 inagwa kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola, mu Meyi 2022 inatsitsidwa ndi 25 pa 100 aliyense, ndipo mu Novembala 2023 inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Kwacha ikagwa, randi imaoneka yonenepa, ndipo anyamata amayamba kufunsa za pasipoti. Amaiwala kuti ku Johannesburg lendi nayonso ndi ya randi, buledi ndi wa randi, minibasi ndi ya randi. Mmalawi amaloledwa masiku 30 okha opanda chitupa chogwirira ntchito, akatha amenewo ayenera kuyenda moyang'ana kumbuyo kuopa kutengedwa kupita ku Lindela. Mu Meyi 2008 anthu 62 anaphedwa pa zipolowe zothamangitsa alendo, ndipo mu 2015 boma lathu linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu amene anasiya katundu yense ku Durban. Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere.

Sindikunena kuti kusamuka n'kulakwa. Nyumba zambiri za malata zimene mukuziona pa Dyeratu ndi pa Nchalo zinamangidwa ndi ndalama za m'tauni, ndipo enanu munalipiriridwa fizi ndi achimwene anu a ku Joni. Ndikungoti malipiro paokha sanayankhepo funsoli kuyambira nthawi ya Johnston. Wolemera si amene walandira zambiri, koma amene watsala ndi kanthu pa 30, kanthuko n'kufika kumudzi.

Ndiye ndinamupatsa mnyamatayo ntchito yokachitira kunyumba, ngati kale. Atenge kope, ajambule mizere itatu: Blantyre, Lilongwe, Johannesburg. Pansi pake alembe lendi pamodzi ndi miyezi imene mwininyumba amafuna uperekeretu, madzi ndi magetsi, makala, ufa ndi ndiwo, minibasi yopita ndi kubwera masiku onse a ntchito, sukulu ya mwana, ndi maulendo osachepera atatu pachaka obwera kuno kwa Chapananga. Alembenso geni ya mkazi wake ya mandasi, imene makasitomala ake sadzasamuka nawo. Mitengo asafunse kwa mnzake amene akumuitana, pakuti woitana sanena za nsikidzi za m'nyumba mwake. Bungwe la Centre for Social Concern la ku Lilongwe limasonkhanitsa mitengo ya zofunika pa banja la anthu asanu ndi mmodzi m'mizinda yathu, ayambire pamenepo. Pomaliza adzifunse: ntchitoyi ikatha mawa, ndidzafika bwanji kwathu?

Dzulo anaimbanso. Akuti mzere wa Joni waudula yekha, koma wa Lilongwe ukutsala ndi kanthu kochepa pamwamba, ngati angapeze nyumba pafupi ndi ntchito. Chimene chikumuvuta ndi mayi ake, amene miyendo yayamba kuwavuta, ndipo mvula ikagwa mtsinje wa Mwanza sufuna zocheza. Zimenezo sindinamuyankhe, pakuti m'kope mulibe mzere wake. Ndangomuuza kuti Loweruka abwere adzakambirane ndi mayi akewo maso ndi maso.

Aphunzitsi anzanga, tikamaphunzitsa mutu wa anthu opita kunja kukagwira ntchito, tisamangolembetsa zaka ndi mayina pabolodi. Theka la ana ali m'kalasimo adzakumana ndi funso lomweli asanakwanitse zaka 25.